Zenera Lakuda la aMawa

Mnyamata uja anali asanapereke chomwe analonjeza, ndipo mayi wa makatani sanali munthu woiwala. Mvula inayamba, mvula inatha, tsamba la shopu yake pa intaneti osaoneka. Ukamufunsa, yankho linali lomwelo: mawa, mayi. N'chifukwa chake mumsewu wonse wa mashopu, kuyambira kwa wometa mpaka kwa wokonza mafoni, dzina lake lenileni linaiwalika. Ankangoti aMawa.

Pangano lake linali losavuta, ndipo analipangana awiriwiri kuseri kwa kauntala, pakati pa mipukutu ya nsalu. AMawa anabwera atavala shati yosita, manja ali kumbuyo, n'kunena kuti akufuna kukwatira mwana wamkazi wa mayiyo, mwana mmodzi yekhayo, ndipo abale ake ali okonzeka kubwera kudzalankhula. Mayiyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, monga amayang'anira nsalu ya wogulitsa wachilendo. Ntchito yake ankangoimva: akuti iye ndi mtsikanayo ali ofesi imodzi, yopanga mawebusaiti. Koma ntchito yosagwirika m'manja mayiyo sankaikhulupirira. Telala umamuonera diresi, kalipentala umamuonera mpando. Nanga uyu umuonera chiyani?

Ndiye anamuuza mosapita m'mbali. Amupangire tsamba la shopu, loti munthu ali kwawo atsegule foni n'kuona makatani ake. Likaoneka, abale abwere. Lisanaoneke, asayerekeze n'komwe kugogoda pageti. Ndipo mwana wake asamve za panganoli, chifukwa ana opita kusukulu amakwiya ndi zinthu zosafunika kukwiya nazo.

AMawa anavomera pompo, osanenerera ngakhale pang'ono. Mayiyo zimenezo sizinamusangalatse. Munthu wovomera mtengo woyamba nthawi zambiri amakhala kuti m'thumba mulibe kanthu.

Kwa mtsikanayo, aMawa anangoti akufuna kuwapangira amayi mphatso. Mtsikanayo anasangalala n'kulowa nawo ntchitoyo ndi mtima wonse. Loweruka lililonse ankabwera kushopu kudzajambula makatani, kuwakoloweka apa, kuwasuntha apo, kudikira kuti dzuwa liwagwire bwino, mayi ake akudandaula kuti akutsekereza makasitomala.

* * *

Tsiku lina mtsikanayo anafika kunyumba dzuwa likadali pamwamba, chinthu chomwe sankachita. Laputopu anaikankhira pamwamba pa wadiropu, kumene kumakhala masutikesi, n'kukhala pabedi nsapato zili kuphazi. Mayi ake anaima pakhomo la chipinda manja ali m'chiuno. Anafunsa ngati wachotsedwa ntchito. Ayi. Ngati ali ndi pakati. Ayi, amayi. Nanga n'chiyani chomugoneka munthu wamkulu masanasana?

"Wandifufutira ntchito yanga yonse, amayi. Zonse zomwe ndimakupangirani zija."

Kufotokoza kunatenga nthawi, chifukwa mayiyo ankamudula pakamwa pafupipafupi. Koma zomwe anatolapo ndi izi. Ku ofesi kwawoko ntchito saisunga m'kabati. Ili ndi nkhokwe yake pa intaneti. Aliyense amatapako kope lake, n'kukagwirira pa laputopu yake, akamaliza n'kubweza kunkhokwe. Eni ake amati kupusha. Ndipo kutapa ndi kubwezako sikuchitika podina tizithunzi ngati pa foni. Pali zenera lakuda, lopanda chithunzi ngakhale chimodzi, momwe munthu amalemba malamulo chilembo ndi chilembo. Ukaphonya kadontho kamodzi, lakana. Mtsikanayo ndi aMawa onse anali anthu ojambula, odziwa mitundu ndi kayalidwe ka zinthu. Zenera lakudalo anachita kuwakakamiza bwana watsopano, ndipo onse awiri ankaliopa ngati galu wa kwa eni.

Tsono m'mawa wa tsikulo aMawa anali pa liwiro. Atafuna kupusha zake, nkhokwe inakana, chifukwa munali kale ntchito ya mtsikanayo imene iye anali asanatape. M'malo mofunsa, anafufuza pa intaneti n'kupeza munthu wina wosadziwika atalemba lamulo lokakamiza. Anakopera, anamata, anadina. Nkhokwe inamvera. Zake zinalowa, za mnzake zinakwiririka. Mtsikanayo ataona zimenezo anathamangira pa desiki ya aMawa, iye thukuta lili kamukamu n'kumupatsa lamulo lina, lokoperanso, loti laputopu yake ifanane ndi nkhokwe. Inafananadi. Zomwe zinatsala pa laputopupo nazonso zinapita.

Chomwe chinkamuwawa kwambiri mtsikanayo n'chakuti sankamvetsa chothamangira. Mphatso imakhala ndi tsiku lomaliza? Anati mnyamatayo masiku onsewa wakhala ngati pali wina akumuthamangitsa ndi chikwapu.

Mayiyo anatsokomola n'kunena kuti akukaona ketulo. M'mawa womwewo anali atamuimbira aMawa n'kumuuza kuti kudikira kwamukwana. Koma kwa iye nkhaniyo inali yosavuta: iye anangofulumizitsa, wogwira sizasi anali wina.

* * *

Mtsikanayo anapempha tchuthi kuntchito n'kumakhala kushopu, akupinda nsalu mwaukali ngati zamulakwira. Foni ankaisiya pa kauntala, ndipo inkangonjenjemera. Mayi ake kuwerenga ankakudziwa kwa pang'onopang'ono, chala chikutsogolera, koma nthawi anali nayo.

Meseji yoyamba, yochokera kwa aMawa, inati: "Ndalakwa. Ndawerenga mpaka maso kuwawa. Akuti ntchito yako sinafe, ikadali mkati mwa laputopu yako. Usaipereke kwa wina aliyense." Yachiwiri inati ngati sakufuna kumuona, atumize laputopu yokha. Yachitatu inangoti: "Wadya?" Mtsikanayo sanayankhe ngakhale imodzi, ngakhale yachitatuyo anaiwerenga kawiri asanaitembenuze foni chafufumimba.

Nkhani za mkangano wa anthu okondana sizichedwa kufika kwa amene akuzidikira. Lachinayi masana kunaima galimoto yotsukidwa bwino, n'kutseka khomo la wometa. Munatuluka mwamuna amene mumsewumo ankangomutcha Wasuti. Kale ankagwira ntchito ofesi imodzi ndi mtsikanayo, kenako anatsegula kampani yakeyake, ndipo anali atamufunsirapo mtsikanayo n'kukanidwa. Analowa m'shopu mafuta onunkhira atatsogola, anapereka moni wogwada pang'ono, n'kunena kuti wamva kuti mayi akuvutika ndi katsamba.

Anatulutsa tabuleti. Ndi chala chimodzi anakoka ichi, anaponya apo, anakoka china, ndipo tiyi yemwe anamupatsa asanazizire n'komwe, tsamba linali litaima. Mayiyo anaweramirapo. Munali nyumba zikuluzikulu, mazenera oyambira pansi mpaka kudenga, makatani oyera mbee, ndi galu waubweya atagona pa kapeti. Anafunsa kuti makatani akewo ali pati. Wasuti anaseka, n'kunena kuti zithunzi zimenezo zimabwera zokonzakonza, ndipo kasitomala sangadziwe kusiyana kwake. Mayiyo anati kasitomala akadzafika adzafunanso galuyo, ndipo iye agalu sagulitsa.

Wasuti sanakhumudwe, chifukwa sanabwerere makatani. Anatembenukira kwa mtsikanayo, mawu atawafewetsa.

"Kwathu kulibe zenera lakuda, achemwali. Sitilemba malamulo ngati tili kupolisi. Desiki ilipo, pafupi ndi yanga, ikungodikira mwini wake."

Mtsikanayo sanavomere. Koma sanakanenso, ndipo mayi ake anaona kuti anamuperekeza mlendoyo mpaka pakhomo.

Munthuyo mayiyo sanamukonde. Nsapato zake zinali zowala kwambiri, ndipo nsalu ankaigwira ndi nsonga za zala ngati ikuluma. Komabe wogula wachiwiri amathandiza, ngakhale usakufuna kumugulitsa. Mtsikanayo atapita kukagula ulusi, mayiyo anaimbira aMawa n'kumuuza kuti kwabwera wina wotha kupanga tsamba tiyi asanazizire, ndipo ali ndi galimoto. Loweruka likadutsa, pangano latha. AMawa anati popanda laputopu ija palibe chomwe angachite. Mayiyo anati laputopu si vuto, amusiyire iye.

* * *

Loweruka m'mawa mayiyo anakwera pampando, anatsitsa laputopu pa wadiropu, anaikulunga m'chidutswa cha katani n'kuipanira m'khwapa. Anauza mwana wake kuti akupita ku ofesi kuja, kaya atsagana naye kaya atsala. Mtsikanayo anati sapita. Mayi ake anati chabwino, mu minibasi aikhalira kuti isabedwe. Asanafike pageti anamva mapazi kumbuyo.

Ofesiyo inali pamwamba pa sitolo ya matayala, masitepe ake opapatiza. Munali madesiki oyang'ana kukhoma, mipando ya mawilo, makapu osatsuka, ndi fani imodzi yozungulira mwaulesi. Pa sikirini iliyonse panali timapepala tachikasu tomatidwa m'mphepete, tolembedwa mawu osamveka. Mtsikanayo anati amenewo ndi malamulo a zenera lakuda, amawamata poopa kuiwala. Makatani a mu ofesimo anali afupi ndi chikhatho chathunthu, mpendero wokhota. Mayiyo anawaona, anapukusa mutu, koma sananene kanthu chifukwa sanabwerere zimenezo.

AMawa anali yekha. Anaimirira msangamsanga mpaka mpando unathawira kukhoma. Anali ataonda, ndevu zosameta. Anapereka moni kwa mayiyo ndi manja awiri, kenako n'kutembenukira kwa mtsikanayo. Mtsikanayo anayang'ana fani.

Mayiyo anavundukula laputopu n'kuiika pa desiki. Anakokera mpando pakati pawo, anakhala, mpando n'kuyamba kuyenda naye, anaugwira ndi mapazi. Anati nthawi alibe, shopu wasiyira wometa, ndipo wometa sadziwa kusiyanitsa mita ndi yadi.

AMawa anatambasula dzanja kuti akoke laputopu. Mtsikanayo anaikokera kwa iye.

"Iwe usaigwire. Uzinena, ndizilemba ine. Ndipo chilichonse undiuze kaye chimachita chiyani. Ukati sukudziwa, sindilemba."

Zenera lakuda linatseguka. Mayiyo ankayembekezera chinthu choopsa, koma munalibe kanthu. Mdima wokhawokha, ndi kamzere koyera pakona kakuphethira ngati kakudikira kuti wina ayambe kulankhula. AMawa anawerenga lamulo pa pepala lake, n'kufotokoza kuti limeneli silisintha kanthu, limangofunsa laputopu kuti inene paliponse pamene ntchitoyo inaimapo. Mtsikanayo analemba. Zenera linakana, chifukwa anasiya mpata pamene sipafunika mpata. Analembanso, milomo ikuyenda.

Mizere inatsika. Mtsikanayo anasendeza nkhope pafupi, n'kuika chala pa sikirini. Anayamba kuwerenga mokweza. Apa ndi pamene anaika chithunzi cha katani yobiriwira ija. Apa ndi pamene anasintha mtundu wa zilembo. Apa ndi tsiku lomwe mayi anamukalipira kuti akutsekereza makasitomala, iye n'kubwerera kudzakonza zithunzi za makatani a kukhitchini. Ndipo apa, pamwamba penipeni, ndi pamene lamulo lija linagwa.

Mayiyo anafunsa ngati ndiye kuti chinthucho chinkaona zonsezo. AMawa anati inde, paliponse pamene munthu wasunga ntchito, chimakumbukira. Ngakhale zofufutidwa? Anati kwa kanthawi ndithu zimakhala zikadalipo, kungoti njira yopitira kumeneko ndi imene imatsekeka.

Mayiyo moyo wake wonse ankadziwa chinthu chimodzi: nsalu ukaidula, wadula. Ungalire, ungapemphere, mita imene yapita yapita. Anakumbukira katani ya silika ya mkazi wa dokotala wina imene anaifupikitsa ali mtsikana, n'kugwira mwezi wathunthu osalandira kanthu. Ndiye pano pali anthu amene akadula molakwika amabwerera dzulo n'kukapeza nsalu ili yathunthu?

AMawa ananena lamulo lachiwiri, loti atsegule njira yobwerera pamzere umene mtsikanayo analoza. Analifotokoza kawiri, kachiwiriko mtsikanayo atamufunsa ngati akunena zomwe akudziwa kapena zomwe wakopera. Anati wakopera, koma waliyesa kambirimbiri pa ntchito yabodza mpaka kulimvetsa. Mtsikanayo anamuyang'ana nthawi yoyamba chilowereni, kenako analemba. Chala chinaima pamwamba pa batani. Mayi ake anamugunda ndi chigongono kuti adine, anthu ali ndi zochita.

Anadina. Zenera linayankha kamzere kamodzi kokha. Mtsikanayo anatsegula foda, ndipo zithunzi zinayamba kubwera chimodzichimodzi, yobiriwira, yamaluwa, yamizeremizere, ya kukhitchini, zonse zili m'malo mwake ngati sizinachokepo. Anaphimba pakamwa ndi dzanja. AMawa anatsamira kumpando n'kutseka maso.

Mayiyo anagwira m'mphepete mwa laputopu ndi chala chimodzi, mwaulemu, ngati akugwira mwana wa eni wongobadwa kumene.

* * *

Mayiyo ankaganiza kuti zatha, ndipo anali atayamba kale kupinda chidutswa cha katani chija. Koma anamuuza kuti tsopano pali ntchito ziwiri, ya mtsikanayo ndi ya aMawa, ndipo ziyenera kulumikizidwa kuti zikhale tsamba limodzi. Mtsikanayo analemba lamulo lolumikiza. Mizere inathamanga, kenako inaima, n'kutulutsa mawu omwe anawachititsa onse awiri kubuula.

Mayiyo anafunsa kuti chafanso n'chiyani. AMawa anati palibe chafa. Pena paliponse chinthucho chalumikiza chokha, koma pali malo amodzi pamene onse awiri analemba pamzere womwewo, aliyense zake. Pamenepo chakana kusankha. Chaika mawu a uyu pamwamba, a uyu pansi, mpanda pakati, ndipo chati sichipitirira mpaka eni ake agwirizane.

Mayiyo anafunsa ngati sichingangotenga za amene ali wamkulu pantchito. Ayi. Za amene analemba pomaliza? Ayi. Za mwamuna? Mtsikanayo anaseka mosafuna n'kunena kuti sichidziwa n'komwe kuti mwamuna ndi uti.

Apa mayiyo anagoma kuposa poyamba paja. Iye anali ataweruzapo milandu yambiri ya mumsewu wa mashopu, ndipo anali asanaonepo mkhalapakati wopanda mbali. Aliyense amakhala ndi m'bale wake, kapena amene anamugulira chakumwa. Koma ichi, chinthu chotha kubweza dzulo, chikafika pa mawu a anthu awiri chimaima n'kupinda manja.

Analamula kuti amuwerengere. Unali mzere woyamba weniweni, umene munthu amaona akangotsegula tsamba. AMawa anali atalemba kuti: Makatani otchipa, bwerani lero. Mtsikanayo anali atalemba kuti: Yezani zenera lanu, zotsalazo mutisiyire.

Mayiyo anatembenuka ndi mpando womwe n'kumuyang'ana aMawa.

"Otchipa? Inu aMawa, munandionapo ine ndikugulitsa chotchipa? Mtengo timakambirana munthu atakhala pansi, atagwira nsalu, ataikonda. Mukamuuziratu ali kwawo kuti n'zotchipa, ine ndiyambira pati?"

AMawa anati amafuna kukopa anthu. Mayiyo anati akope ntchentche. Mtsikanayo, mapewa akugwedezeka ndi kuseka, anafunsa aMawa ngati akuvomera kuti mzere wake uchoke. Iye anati uchoke, ndipo ngati n'kotheka chinthucho chiiwale kuti unalembedwapo. Mtsikanayo anati chimenecho ndiye sichingatheke, udzakhalapo mpaka adzukulu adzauone. Atanena mawu akuti adzukulu anazindikira chomwe wanena, n'kuweramira pa kiyibodi. Mayi ake anamva, ndipo anasunga.

Panatsala kumanga. Anamufotokozera mayiyo kuti zomwe alembazo zili ngati nsalu yodulidwa kale koma yosasokedwa. Pali lamulo lina limene limasoka zidutswa zonse kukhala tsamba loti foni ingathe kutsegula. Analemba. Zenera linafiira ndi mizere yambirimbiri. Pa laputopu ya aMawa lamulo lomwelo linkayenda, pa ya mtsikanayo likukana, ndipo palibe ankadziwa chifukwa. Anawerenga mizere yofiirayo mitu itagundana, akutsutsana, wina akuti vuto lili pamwamba wina akuti pansi. Anayesa ichi, chinakana. AMawa anati pa intaneti wina akuti afufute chikwatu china chonse n'kuyambiranso. Mtsikanayo anangomuyang'ana, iye n'kubweza yekha mawu ake.

Mayiyo anayamba kuwerengera m'mutu makasitomala amene wometa akuwathawitsa. Koma sanadzuke. Ankayang'ana zala za mwana wake. Mwana yemweyu, amene ankalephera kulowetsa ulusi pa singano, amene iye ankamuyesa wongosewera ndi mitundu pa kompyuta, anali kulankhula ndi mdima, mdimawo n'kumamuyankha. Pamapeto pake ndi mtsikanayo amene anapeza kuti kachipangizo kena pa laputopu yake kanali kakale, ka aMawa katsopano. Anakasintha. Analembanso lamulo lomanga.

Ulendo uno zilembo zinatsika ngati mvula ya matalala, mazanamazana, zothamanga moti palibe akanaziwerenga. Fani ya mkati mwa laputopu inalira. Mayiyo anapezeka kuti wagwira mkono wa aMawa osadziwa. Kenako zonse zinaima, ndipo pansi penipeni panatuluka liwu limodzi lobiriwira.

Mtsikanayo anapusha yekha, mosakakamiza, nkhokwe n'kulandira. AMawa anachita zotsala zoti tsambalo lituluke panja, kenako anapempha foni ya mayiyo, anadinadina, n'kuibweza ndi manja awiri.

* * *

Shopu ya mayiyo inali m'dzanja lake. Osati nyumba za eni, osati galu. Kauntala yake yeniyeni, yokhala ndi chipsera cha ayironi pakona. Katani yobiriwira dzuwa litaigwira m'mbali, yokongola kuposa mmene iye anaionerapo. Anakankha ndi chala, kunabwera yamaluwa. Anakankhanso, kunabwera manja ake omwe, atagwira tepi yoyezera, mphete yake yakale ikuoneka. Sankadziwa n'komwe kuti mwanayo anamujambula.

Anafunsa ngati mng'ono wake amene ali kutali angazione. Anati angazione pompano. Nanga munthu wa kutsidya kwa nyanja? Nayenso. Nanga shopu ikatsekedwa? AMawa anati tsambalo silitseka, mayi akagona ilo limakhala likuonetsabe makatani. Mayiyo anayang'ana foni, anayang'ana zenera lakuda lija, kamzere koyera kakuphethirabe ngati sikanachite kanthu. Anakweza mutu n'kuona kuti mwana wake watsamira phewa la aMawa pang'ono, ndipo mnyamatayo akuopa ngakhale kupuma.

Mtima wake unadzaza, ndipo mtima ukadzaza pakamwa pake sipankatsekeka. Iye anali munthu wolipira pompo katundu akafika. Anamenya desiki ndi chikhatho.

"Ngongole yatha, mwana wanga. Wapereka, ndaona ndi maso anga. Kawauze abale ako abwere."

AMawa anauma. Mtsikanayo anadzutsa mutu pa phewa paja pang'onopang'ono.

"Ngongole yanji, amayi?"

Mayiyo sanaone choti abise, poti zinthu zinali zitatha bwino. Anafotokoza zonse, monyadira ndithu: za shati yosita, za pangano la kuseri kwa kauntala, za mafoni omufulumizitsa. Anawonjezanso kuti Wasuti uja anathandiza, chifukwa mnyamatayu atamva kuti pali wogula wina ndi pamene anadzuka. AMawa ankayang'ana pansi ngati wataya ndalama yachitsulo.

Mtsikanayo sanakweze mawu. Anafunsa aMawa ngati n'zoona. Iye anati n'zoona, koma amafuna kumuuza zikatha. Anamufunsa ngati m'mawa uja ankathamangira zimenezi. Anati inde.

"Ndiye unakwirira ntchito yanga pothamangira kukandilipira. Ndipo ine Loweruka lililonse ndimajambula makatani, osadziwa kuti ndikuthandiza wogula kusonkha mtengo wanga."

Mayi ake anati asalankhule ngati mwana, panalibe ndalama pamenepo, iye ankangofuna kuona ngati mnyamatayo ali ndi manja. Mayi aliyense amayesa. Mtsikanayo anati akanamuyesa iye akudziwa. Anati uja wa m'zenera lakuda, amene amayi akumutamayo, akapeza mawu a anthu awiri amaima n'kufunsa, koma anthu awiri amene amati amamukonda anagwirizana za moyo wake osamufunsa n'kamodzi komwe.

Anatseka laputopu, anazula chingwe, anachikulunga bwinobwino. Chidutswa cha katani anachisiya pa desiki.

"Tsambalo ndi lanu, amayi, ndinalipanga ndi mtima wanga wonse. Koma zomwe munalonjeza munthuyu, mumupatse nokha. Iwe, abale ako asabwere."

Anatuluka. AMawa anadzuka, anafika pakhomo, anaima, n'kutembenukira kwa mayiyo ngati munthu amene walipira katundu ndipo akudikira kuti amukulungire. Mayiyo anamukankhira pambali n'kukaima pamwamba pa masitepe, foni ikuwalabe m'dzanja. Anaitana mwana wake kuti abwerere, akhale pansi, akambirane; palibe nkhani yosakambirana. Anati ngati vuto ndi tsiku, abalewo atha kudikira mwezi. Miyezi iwiri. Itatu, basi, asapitirire pamenepo.

Mapazi sanaime. Anatsika mpaka pansi, pafupi ndi matayala, ndipo kumeneko mayiyo anamva mwana wake akupereka moni pa foni, mwaulemu, ndi mawu omwe sanali a munthu amene akulira.

"Eya, ndi ine. Desiki munkanena ija, ikadalipo?"